WALTER CANNON, AMENE ANAONA ZA M'KATI MWA MIMBA

Pamene dotolo wang'amba munthu wodwala, nasoka cifu cace kapena matumbo ace, nchito siinathe ai. Ayenera kudziwa ngati msoko wagwira bwino, pakuti cakudya cikadonthera m'mimba wodwalayo angafe. Koma adzaona bwanji, popeza pamimba watsekapo kale? Mmodzi wa anthu amene anatipezera njira yace ndiye Walter Cannon.

Cannon anabadwa m'caka ca 1871 ku Prairie du Chien, m'dziko la America. Amai ace anamwalira iye akali mwana. Atasinkhuka analeka sukulu, nagwira nchito mu ofesi ya njanji, koma pambuyo pace anabwerera kusukulu, naphunzira ndi mtima wonse. M'caka ca 1896 anayamba maphunziro a udotolo ku Harvard.

Nthawi imeneyo anthu anali atangomva za kuwala kodabwitsa kochedwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anakupeza m'caka ca 1895. Kuwalako kupyola mnofu ndi kuonetsa mafupa. Koma cifu ndi matumbo sizinaoneke, cifukwa nzofewa. Tsono Cannon anasanganiza cakudya ndi ufa wolemera wochedwa bismuth, umene kuwalako sikungaupyole. Anadyetsa tsekwe, naona mthunzi wakuda ulikutsika m'khosi mwace. Anadyetsanso amphaka, naona cifu cirikufinya cakudya ndi kucikankhira m'matumbo pang'onopang'ono. Anazizwa poona kuti mphaka akacita mantha kapena akakwiya, cifu cace cileka kugwira nchito.

Masiku amenewo madotolo ankaboola cifu ca wodwala ndi kucilumikiza ku matumbo, namayesa kuti cakudya conse cidzadzera pa khomo latsopanolo. M'caka ca 1905 Cannon ndi dotolo mnzace anayesa zimenezi pa nyama, napeza kuti khomo lakale likakhala lotseguka, cakudya cidzerabe pomwepo. Motero madotolo anaphunzira kuti nkwabwino kuona ndi maso kusiyana ndi kungoganizira.

Koma nchitoyi inali ndi ngozi yace. Pa zaka zoyambazo anthu sanadziwe kuti kuwala kwa X-ray kukacuruka kuononga thupi, ndipo Cannon sanadziteteze. Manja ace anapsa, ndipo atakula anabvutika zaka zambiri ndi nthenda yowawa ya pakhungu. Anamwalira m'caka ca 1945.

Lero wodwala amene anamsoka cifu kapena matumbo nthawi zina ammwetsa mankhwala ooneka pa X-ray, namjambula. Mankhwalawo akayenda bwino osadontha, dotolo adziwa kuti msoko wagwira, ndipo wodwala ayamba kumwa phala. Ogwira nchito yojambulayo aima kuseri kwa cochinga, kuti angapse monga anapsera Cannon.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji cifu sicinaoneke pa X-ray poyamba?
2. Cannon anaona ciani mphaka atacita mantha?
3. Cifukwa ninji ojambula aima kuseri kwa cochinga?