Fred Rogers: mbusa amene nkhosa zake zidali ana oonera kanema

M'chaka cha 1951, mnyamata wina wa zaka 23 adapita kutchuthi cha Pasaka kwa makolo ake m'tauni ya Latrobe, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. M'nyumbamo adapezamo chipangizo chomwe chidali chitangoyamba kufala m'dzikolo: wailesi yakanema. Ataiyatsa, adaona anthu akuluakulu akuponyerana makeke kumaso kuti oonera aseke.

Mnyamatayo sadaseke. Zidamuipira kuti chipangizo chotha kulowa m'nyumba ya munthu aliyense chizigwira ntchito yochotsa anthu ulemu chotere. Apa n'kuti atatsala pang'ono kumaliza maphunziro a zoimbaimba pasukulu ya ukachenjede ya Rollins ku Florida, ndipo adali atakonza kale zokayamba sukulu ya ubusa. Koma adauza makolo ake kuti zaubusazo ziyambe zadikira, iye akukafuna ntchito ku kanema.

Ameneyu adali Fred McFeely Rogers, yemwe ana miyandamiyanda ku America adadzamudziwa ndi dzina loti Mister Rogers. Kwa zaka pafupifupi 50, mkuluyu adalimbana ndi funso lomwe mpaka lero likuimitsa mitu makolo: kodi mwana akakhala pansi n'kumaonera kanema, amene adakonza zomwe akuonerazo akumufunira chiyani?

Mwana wodwaladwala

Rogers adabadwa pa 20 Malichi, 1928 m'banja lochita bwino. Bambo ake, a James Rogers, ankayendetsa kampani youmba njerwa. Komatu chumacho sichidamupezere anzake. Adali mwana wamanyazi, wonenepa komanso wodwala mphumu, ndipo anyamata ena ankamuseka ndi kumuthamangitsa akamachokera kusukulu. Nthawi zambiri ankabindikira m'chipinda, n'kumaseweretsa zidole kapena kuimba piyano.

Akuluakulu ankamulangiza kuti azingoonetsa ngati zomusekazo sizikumukhudza. Iye adakula akudziwa kuti malangizowo sadali oona, poti mumtima zinkamuwawa ndithu. Amene ankamumvetsa adali agogo ake aamuna, a Fred McFeely, omwe ankamuuza kuti amakondwa naye mmene alili, popanda kusintha kanthu. Mawu amenewo ndiwo adadzakhala maziko a ntchito yake yonse.

Atamaliza sukulu, adapeza ntchito ku wailesi yakanema ya NBC mumzinda wa New York. Kumeneko adagwirako ntchito ndi Gabby Hayes, katswiri wa mafilimu a makauboyi yemwe adali ndi pulogalamu ya ana. Tsiku lina Rogers adamufunsa zomwe amaganiza akamayang'ana kamera, podziwa kuti akuoneredwa ndi chinamtindi cha anthu. Hayes adayankha kuti amangoganiza za mwana mmodzi basi. Rogers adasunga phunziroli moyo wake wonse.

M'chaka cha 1952 adakwatira Joanne Byrd, katswiri wa piyano yemwe adakumana naye kusukulu, ndipo adabereka ana aamuna awiri. Chaka chotsatira adadabwitsa anzake posiya ntchito yabwino ku NBC n'kupita ku Pittsburgh kukathandiza kuyambitsa WQED, wailesi yakanema yamaphunziro yomwe idali isadayambe n'kuulutsa komwe.

Kumeneko, mu 1954, iye ndi mayi wina dzina lake Josie Carey adayamba pulogalamu ya ana yotchedwa The Children's Corner. Ndalama padalibe. Carey ndiye ankaoneka pakanema, Rogers n'kumabisala kuseri, akuyankhulitsa zidole ndi kuimba limba. Chimodzi mwa zidolezo chidali kambuku wamanyazi wotchedwa Daniel, yemwe ankanena mantha ndi nkhawa zomwe mwini wake adali nazo ali mwana.

Zaubusa zija sadaziiwale. Nthawi ya nkhomaliro ankathamangira kusukulu ya ubusa ya Pittsburgh, ndipo adachita izi kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mu 1963 adadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa Presbyterian ndi Presbitale ya Pittsburgh, yomwe pambuyo pake, mu 1991, idadzapalana ubale ndi Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Chachilendo chidali choti sadamupatse tchalitchi. Adamutuma kukatumikira ana ndi mabanja kudzera pakanema. Ngakhale zidali choncho, sadavalepo kolala kapena kulalikira papulogalamu yake.

Pulogalamu yosathamanga

Atagwira ntchito zaka zingapo ku Canada, komwe adamukakamiza kutuluka kuseri kuti anthu azimuona, Rogers adabwerera ku Pittsburgh. Pa 19 Febuluwale, 1968, pulogalamu ya Mister Rogers' Neighborhood idayamba kuonetsedwa m'dziko lonse la America.

Chiyambi chake sichinkasintha. Mkuluyu ankalowa m'nyumba akuimba, n'kuvula jekete, kuvala juzi, kenako kusintha nsapato. Majuziwo ankaluka ndi mayi ake, a Nancy. Akatero ankayang'ana kamera n'kuyamba kucheza ndi mwana mmodzi uja, pang'onopang'ono, ngati mnansi wobwera kudzazonda. Akafunsa funso ankakhala chete kudikira kuti mwanayo ayankhe. Tsiku lina adatchera wotchi n'kukhala duu kwa mphindi yathunthu, pofuna kuti ana aone kutalika kwa mphindi imodzi.

Adasamalanso kuti mwana asasokoneze zenizeni ndi zopeka. Nkhani za zidole zinkachitikira kumudzi wongoyerekeza, ndipo kasitima kofiira ndiko kankatenga oonera kupita kumeneko ndi kubwera nawo. Mawu aliwonse ankayamba wawasinkhasinkha, ndipo kwa zaka zambiri ankakumana pafupipafupi ndi Margaret McFarland, katswiri woona za kakulidwe ndi kaganizidwe ka ana, kuti aunikire limodzi zomwe akufuna kunena. Nyimbo zoposa 200 za m'pulogalamuyi adapeka yekha.

Kudekhaku sikudatanthauze kubisa zowawa. Mu Juni 1968, Robert Kennedy, yemwe ankafuna kupikisana nawo pampando wa pulezidenti, adawomberedwa, ndipo makanema adadzaza ndi nkhani ya imfayo. Rogers adakonza msangamsanga pulogalamu yapadera momwe kambuku Daniel adafunsa tanthauzo la liwu lomwe aliyense ankatchula ponena za chiwembucho. Mu 1970 nsomba imodzi mwa zomwe ankaweta idafa. Iye sadaibise, adaiika m'manda ana akuona, n'kuwafotokozera chisoni chomwe adamva galu wake atafa ali mwana. Mu 1981 adatha sabata yathunthu akukamba za kutha kwa mabanja, n'kumatsimikizira ana kuti makolo akasiyana, wolakwa si mwana.

Nkhani ya tsankho adaikamba osatchula n'komwe. Mu 1969, pomwe azungu ambiri ku America ankakanabe kusambira m'damu limodzi ndi anthu akuda, Rogers adaviika mapazi ake m'beseni la madzi n'kuitana François Clemmons, munthu wakuda yemwe ankasewera ngati wapolisi, kuti aviikenso ake momwemo. Atatha adabwerekana thaulo limodzi. Awiriwa adabwerezanso zimenezi mu 1993.

Mtsikana wina wosaona adamulembera kalata yodandaula kuti sadziwa ngati nsomba zija zikudyetsedwa. Kuyambira pamenepo, Rogers akamathira chakudya m'madzimo ankanena mokweza kuti akudyetsa nsomba.

Mphindi zisanu ndi imodzi ku Washington

Pulogalamuyi inkadalira wailesi zakanema zosachita malonda, zomwe zinkalandira thandizo la boma kudzera ku bungwe la Corporation for Public Broadcasting. Mu 1969 boma la Richard Nixon lidafuna kudula pakati ndalama zokwana madola 20 miliyoni zomwe zidakonzedwa kupita ku bungweli.

Pa 1 Meyi chaka chomwecho, Rogers adakaonekera ku komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate yomwe wapampando wake adali John Pastore, munthu wodziwika ndi ukali, yemwenso adali asadaonerepo pulogalamuyo. Rogers adasiya pambali chikalata chomwe adalemba n'kungoyankhula. Adafotokoza kuti pulogalamu yake imodzi imadya madola 6,000, ndalama zomwe sizingakwane n'komwe mphindi ziwiri za makatuni omwe ankangodzaza ana ndi ndewu. Adati kuonetsa anthu awiri akuthetsa mkwiyo wawo pokambirana n'kochititsa chidwi kuposa kuonetsa mfuti, ndipo adatchula mawu a nyimbo yake ina yophunzitsa mwana chochita akapsa mtima.

Zonsezi zidatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi. Pastore adavomera poyera kuti mawuwo amukhudza, ndipo adati Rogers wapata ndalamazo. M'zaka zotsatira thandizo la boma ku wailesizi lidakwera.

Malonda alowa pabwalo

Chaka chomwecho cha 1969, mu Novembala, kudabadwa pulogalamu ina yotchuka, Sesame Street. Iyo idatengera liwiro la mauthenga amalonda pophunzitsa ana zilembo ndi manambala. Njira ziwirizi zidayenda limodzi pawailesi zomwe zija: ina yophunzitsa mutu mwachangu, inayo yosamala mtima modekha.

Rogers adapumirako mapulogalamu a ana mu 1975, koma adabwerera mu 1979. Chimodzi mwa zomwe zidamubweza ndi nkhani zoti ana ena ankavulala podumpha kuchokera pamwamba poyesera kuuluka ngati Superman. Adakonza mapulogalamu oonetsa ana kuti ziphona za pakanema ndi anthu wamba ongovala zovala zamasewero.

Koma mphepo idali ikuwombera kwina. M'zaka za m'ma 1980, boma la Ronald Reagan lidafewetsa malamulo a zamalonda pamapulogalamu a ana. Makampani opanga zidole adapezerapo mwayi. Makatuni monga He-Man, yemwe adayamba mu 1983, ndi Transformers mu 1984, adapangidwa zidole zake zili kale m'sitolo, moti pulogalamu yonse idasanduka uthenga wamalonda wa theka la ola. Mwana adaleka kukhala mnansi, adasanduka kasitomala.

Rogers adakana kutsatsa malonda kwa ana moyo wake wonse. Mu 1984 kampani ya Burger King idatulutsa uthenga wamalonda wokhala ndi munthu womuyerekeza. Iye adaimbira foni mkulu wina wa kampaniyo n'kumufotokozera mwaulemu kuti ana angaganize kuti ndi iyeyo akuwagulitsa chakudya. Uthengawo udachotsedwa.

Madandaulo a makolo atachuluka, mu 1990 aphungu adakhazikitsa lamulo loti malonda pamapulogalamu a ana asapitirire mphindi 12 pa ola m'kati mwa sabata, ndi mphindi 10 ndi theka Loweruka ndi Lamulungu. Mu 1996 wailesi zakanema zidalamulidwa kuonetsa mapulogalamu ophunzitsa ana kwa maola atatu pasabata. Apa n'kuti kutabwera kale Nickelodeon ndi Cartoon Network, zomwe zidachititsa kuti mwana azipeza zoonera nthawi ina iliyonse.

Pakati pa phokoso lonseli, Rogers sadasinthe liwiro. Mu 1997, polandira mphotho ya Emmy yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse, adapempha akatswiri a pakanema omwe adadzaza holoyo kuti akhale chete kwa masekondi 10, aliyense akumbukire munthu amene adamuthandiza kufika pomwe ali. Iye n'kumayang'ana wotchi. Ambiri adagwetsa misozi.

Zomwe adasiya

Pulogalamu yomaliza, ya nambala 895, idaonetsedwa pa 31 Ogasiti, 2001. Patangotha masiku 11, zigawenga zidaphulitsa nyumba zosanja ku New York, ndipo mkuluyu adaitanidwanso kuti ajambule mauthenga afupiafupi othandiza makolo kuyankhula ndi ana awo. Mu 2002 Pulezidenti George W. Bush adamupatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom. Rogers adamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 27 Febuluwale, 2003 kunyumba kwake ku Pittsburgh, ali ndi zaka 74. Imodzi mwa majuzi ake ikusungidwa kumalo osungirako zinthu zakale a Smithsonian ku Washington.

Adapita YouTube isadabadwe, poti iyo idayamba mu 2005. Lero mwana sadikiranso nthawi ya pulogalamu. Kanema ali pafoni m'manja mwake, ndipo wina akatha, kompyuta imamusankhira wina nthawi yomweyo. Mu 2019 kampani ya Google, mwini wake wa YouTube, idavomera kulipira chindapusa cha madola 170 miliyoni pamlandu wotolera mbiri za ana popanda chilolezo cha makolo. Mu 2025 aphungu a ku America adalanda ndalama zoposa madola 1 biliyoni zomwe zidalonjezedwa ku Corporation for Public Broadcasting, ndipo bungwe lomwe Rogers adakaliimira pamaso pa Pastore lidalengeza kuti likutseka.

Chikhalirecho mbewu yake sidafe. Angela Santomero, yemwe adakula akuonera Mister Rogers, ndi mmodzi mwa omwe adayambitsa Blue's Clues mu 1996, pulogalamu yomwe idatengera khalidwe lija lofunsa mwana funso n'kudikira yankho. Mu 2012 mayi yemweyu adayambitsa Daniel Tiger's Neighborhood. Mwini nkhani m'katuni ameneyu ndi mwana wa kambuku wamanyazi uja, ndipo pulogalamu ikamayamba amavala juzi yofiira ndi nsapato zake asadayambe kucheza ndi mwana amene akumuonera.