Srinivasa Ramanujan: Kalaliki Amene Anadabwitsa Akatswiri a Masamu

Srinivasa Ramanujan anabadwa pa 22 Disembala 1887 m'tauni ya Erode, kumwera kwa India, koma anakulira ku Kumbakonam. Bambo ake anali kalaliki m'sitolo ya nsalu, ndipo pakhomo ndalama zinkavuta. Pofuna kupezako kangachepe, banjali linkasunga anyamata a pakoleji. Anyamatawa ndiwo anayamba kumuonetsa masamu a m'makalasi a patsogolo. Pokwanitsa zaka 13 n'kuti atamaliza yekha buku la trigonometry lobwereka, lolembedwa ndi S. L. Loney.

Mu 1903 mnzake anamubwerekera ku laibulale buku la G. S. Carr. Munali mfundo za masamu pafupifupi 5,000, zambiri zongondandalikidwa popanda kufotokoza mmene zinapezekera. Ramanujan anayamba kuzitsimikizira payekha, imodzi ndi imodzi, mpaka anafika potulukira zakezake. Mapepala anali odula, choncho ankawerengetsa pa sileti n'kumafufuta ndi chigongono, ndipo m'kope ankalemba mayankho okha.

Mu 1904 anapeza thandizo lophunzirira pa Government Arts College ku Kumbakonam. Koma mtima wake unali pa masamu pokha. Maphunziro ena anawalephera, thandizo lija linathera pomwepo. Anayesanso pa Pachaiyappa's College ku Madras, n'kulepheranso. Kwa zaka zingapo anali wopanda digiri, wopanda ntchito yokhazikika, akungoyenda ndi makope ake kuonetsa aliyense wodziwa masamu. Mkulu wina wa boma, R. Ramachandra Rao, anamuthandiza ndi ndalama kwa kanthawi. Mu 1912 analembedwa ukalaliki pa doko la Madras, malipiro ake marupi 30 pamwezi. Akuluakulu a pantchitopo anaona luso lake ndipo anamulimbikitsa kulembera akatswiri a ku England.

Akatswiri awiri a ku Cambridge sanamuthandize. Iye sanataye mtima. Pa 16 Januwale 1913 analembera G. H. Hardy wa ku Trinity College, ataikamo mfundo pafupifupi 120. Hardy anaziunika pamodzi ndi J. E. Littlewood, ndipo anazindikira kuti wolembayo si munthu wamba. Chaka chomwecho yunivesite ya Madras inayamba kumupatsa marupi 75 pamwezi kuti azichita kafukufuku, ndipo mu 1914 anakwera sitima kupita ku England.

Ku Cambridge anapeza zimene ankazisowa: mabuku, anzake okambirana nawo, ndi mphunzitsi womuonetsa kalembedwe ka umboni wa masamu. Analandira digiri mu 1916, ndipo mu 1918 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Koma kuzizira kunamuvuta, komanso inali nthawi ya nkhondo, zakudya zikusowa, makamaka kwa iye amene sankadya nyama chifukwa cha chipembedzo chake cha Chihindu. Ali m'chipatala, Hardy anadzamuzonda atakwera takisi ya nambala 1729, imene ankaiona ngati yopanda chachilendo. Wodwalayo anamuuza kuti ndiyo nambala yaing'ono koposa imene imatuluka m'njira ziwiri pophatikiza ma cube awiri: 1×1×1 kuphatikiza 12×12×12, komanso 9×9×9 kuphatikiza 10×10×10.

Anabwerera kwawo mu 1919 ndipo anamwalira pa 26 Epulo 1920 ali ndi zaka 32. Anasiya mfundo pafupifupi 3,900. Mapepala ake ena anapezeka mu 1976 mu laibulale ya Trinity College, ndipo akatswiri akugwiritsabe ntchito zimene analemba.

Mphatso anabadwa nayo, koma inaonekera chifukwa cha anthu amene anamubwereka mabuku, kumulipirira ndi kuyankha kalata yake. Lero mipata ilipo yambiri kuposa nthawi yake. Masamu akuphunzitsidwa m'mayunivesite ku Zomba ndi ku Mzuzu, boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama za maphunziro a pamwamba, ndipo AIMS, imene inatsegulidwa mu 2003 ku Muizenberg ku South Africa, imalipirira ophunzira a mu Africa digiri yachiwiri ya masamu. Ophunzira anzanga, tisanyozere maphunziro ena monga anachitira iye, ndipo tisaope kulemba makalata, pakuti safunsa anadya phula. Inu makolo ndi akulu a mpingo, m'sukulu za kuno kumapiri a Dedza mungathe kukhala mwana wotere, amene akungodikira womubwereka buku.