Dominic Savio: Woyera wa Msinkhu Wathu

Mwa oyera onse amene ndawerengapo mbiri yao, Dominic Savio ndiye amene sandipatsa pothawira. Oyera ena timawalemekeza tili patali poti adali maepiskopi kapena ofera chipembedzo. Koma uyu adali mwana wa sukulu ngati ife, wofuna unsembe ngati ife, ndipo adamwalira asanakwanitse zaka 15.

Dominic adabadwa pa 2 Epulo 1842 ku San Giovanni di Riva, pafupi ndi Chieri, kumpoto kwa Italy. Bambo ake, a Carlo, adali osula zitsulo ndipo mai ake, a Brigida, ankasoka zovala. Adayamba kutumikira Misa ali ndi zaka zisanu. M'chaka cha 1849 adalandira Ukaristia koyamba ali ndi zaka 7, chonsecho masiku amenewo ana ankadikira mpaka zaka 12 kapena cha pamenepo. Tsiku limenelo adatsimikiza zolapa ndi kulandira Ukaristia kawirikawiri, kusunga masiku oyera, kukhala bwenzi la Yesu ndi Maria, ndiponso kulola kufa kusiyana ndi kuchimwa.

Pa sukulu ya ku Mondonio anyamata ena adathira chisanu choundana ndi zinyalala m'mbaula ya m'kalasi, namunamizira Dominic. Iye adalandira chilango osatsegula pakamwa. Zoona zitadziwika, adafotokozera aphunzitsi ake kuti wolakwayo adali ndi milandu ina kale, ndipo akadachotsedwa sukulu.

Mu Okutobala 1854 adakumana ndi wansembe John Bosco, amene anthu ankamutchula Don Bosco, ndipo adapita kukakhala ku Oratory ya ku Valdocco mumzinda wa Turin. Apa ndiye pali phunziro limene ine ndimaliona lalikulu. Atamva ulaliki wa Don Bosco wakuti Mulungu afuna kuti aliyense akhale woyera, Dominic adayamba kudzipatula kwa anzake, nkhope ili ndwii. Adafuna kusala chakudya, adaika timiyala ndi tizidutswa tamitengo pogona pake, ndipo m'nyengo yozizira ankafunda kabulangeti kopyapyala. Don Bosco adamletsa zonsezi. M'malo mwake adamuuza kuti akhale wokondwa, aphunzire ndi kupemphera mokhulupirika, asathawe masewera, ndipo athandize anzake kuyandikira kwa Mulungu. Zodzimana zake zikhale kumvera ndi kupirira kutentha, kuzizira ndi zokhumudwitsa za tsiku ndi tsiku.

Dominic adamvera, ndipo chiyero chake chidayamba kuonekera pakati pa anzake. Tsiku lina anyamata awiri adapangana zoponyana miyala. Iye adawatsatira, naimirira pakati pao atanyamula kamtanda, ndi kuwauza kuti mwala woyamba aponyere iye. Ndeu idathera pomwepo. Mu Juni 1856 adayambitsa ndi anzake kagulu ka Maria Wopanda Tchimo Lachibadwa, kamene kankasamala anyamata atsopano, odwala ndi ovuta. Mmodzi wa anyamata a m'kaguluka, Michael Rua, ndiye adadzalowa m'malo mwa Don Bosco potsogolera chipani cha ma Salesian.

Mwezi uliwonse anyamata a ku Oratory adali ndi tsiku lokonzekera imfa yabwino: ankalapa ndi kulandira Ukaristia ngati kuti ndi komaliza. Dominic atayamba kudwala chifuwa, Don Bosco adamtumiza kwao pa 1 Marichi 1857, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo adachita nawo mwambowu. Kunyumba dokotala adamchotsa magazi kangapo, monga ankachitira masiku amenewo, koma sizidathandize. Adapempha yekha masakramenti, napemphanso bambo ake kuti amuwerengere mapemphero a imfa yabwino. Adamwalira ku Mondonio madzulo a pa 9 Marichi 1857. Don Bosco adalemba mbiri yake m'chaka cha 1859, ndipo Papa Pius XII adamlengeza kuti ndi woyera pa 12 Juni 1954.

Tsono anzanga, Dominic sadafike pa guwa ngati wansembe. Akadati chiyero chidikire tsiku lodzozedwa unsembe, bwenzi atafa chimanjamanja. Ife pano timakonda kunena kuti tidzasintha tikadzalemba mayeso a Fomu 4, kapena tikadzafika ku seminale yaikulu. Adatilonjeza masiku amenewo ndani? Zimene tili nazo m'manja ndi belu la m'mawa, Misa, nthawi yowerenga, ntchito ya kumunda, mpira, ndi mnyamata wa Fomu 1 amene akusowa kwao ndipo alibe womulankhula. Kukhala tcheru kumene Ambuye amatipempha mu Uthenga Wabwino kuli m'zinthu zimenezi.

Dominic Savio woyera, mutipempherere ife.