John von Neumann: Katswiri wa Kusanja Manambala

Dzina la John von Neumann ndinalimva tsiku lomwe ndinatumidwa kusanja makope 40 motsatira malikisi. Ndinkangotembenuza mulu wonse thukuta lili kamukamu, mpaka aphunzitsi a masamu anandionetsa njira ya mkuluyu.

Iye anabadwira ku Budapest mu 1903, ndipo anapita ku Princeton, America, mu 1930. Mu 1945 analembera kompyuta ya EDVAC njira yosanjira yotchedwa merge sort. Mumagawa mulu pawiri, magawowo pawirinso, mpaka chilichonse chitatsala chokha. Kenaka mumaphatikiza timilu tiwiritiwiri: mumayerekeza zapamwamba ziwiri ndi kuchotsa chocheperacho, mobwerezabwereza. M'mapulogalamu a lero, lamulo logawalo limadziitana lokha pa gawo lililonse. Manambala 1,000 mumawayerekeza kosapitirira ka 10,000, pomwe kuyerekeza iliyonse ndi zinzake zonse ndi ka 499,500!

Chimandisautsa nchakuti mutu womwewo unawerengeranso za bomba la atomiki ku Los Alamos. Atadwala khansa, anaitanitsa wansembe, Bambo Anselm Strittmatter, amene anampatsa masakramenti otsiriza. Bambowo anadzakumbukira kuti mantha a imfa sanamchokere. Anamwalira ku Washington pa 8 February 1957, ali ndi zaka 53.