Leibniz, Amene Anaimira Mulungu pa Mlandu

Ngati Mulungu ndi wabwino ndi wamphamvu zonse, nanga zoipa zicokera kuti? Funso limeneli linazunguza mutu Gottfried Wilhelm Leibniz, katswiri wa masamu ndi malamulo, amene anabadwira ku Leipzig, m'dziko la Germany, m'caka ca 1646.

Pierre Bayle wa ku France anali ataphunzitsa kuti nzeru za munthu sizingamasule mfundo imeneyi. Leibniz anakana. M'buku lake lochedwa Théodicée, la mu 1710, anati Mulungu anapenda maiko onse amene akanatha kulengedwa, nasankha loposa onse, ndilo lino. Colengedwa sicingakhale cangwiro monga Mlengi wake, ndipo zowawa zina ndizo njira ya ku zabwino zimene maso athu sazifikira. Awa ndi mau osavuta kulemba, koma olemera kuwanena pamaliro.

Mwini wakeyo ukalamba unamuwawira. Mbuye wake, George, atalowa ufumu wa Britain mu 1714, anamsiya ku Hanover kuti atsirize kulemba mbiri ya banja lacifumu. Anafera komweko mu 1716, ndipo nduna za mfumu sizinaoneke pamaliro.

Mu 1755 civomezi cinagumula mzinda wa Lisbon nicipha anthu zikwizikwi, ena ali m'machalichi. Patapita zaka zinai, Voltaire anatulutsa Candide, buku lonyodola ciphunzitso ca Leibniz.