Francis Chichester: Adayamba Mpikisano Imvi Zili Mbuu

Anzanga amene tidadyera limodzi nyemba zofumbwa kusukulu kwathu kuja, ambirife tapyola zaka 40 tsopano. Tsiku lina ndili muofesi ndidayamba kuwerengetsera zaka zimene zatsala kuti ndipume pantchito ya boma, ndipo mtima udandiuza kuti zanga zatha. Apa mpamene ndidakumbukira mbiri ya Francis Chichester.

Mkuluyu adabadwira ku Devon, m'dziko la England, m'chaka cha 1901. Ali ndi zaka 18 adapita ku New Zealand kukafuna chuma. Pambuyo pake adaphunzira kuyendetsa ndege, ndipo mu 1931 adavulala kwambiri ndege yake itagwa ku Japan.

Mu 1958 madokotala adamuuza kuti ali ndi khansa ya m'mapapo. Wina akadangokhala pakhonde kudikira tsiku, koma iye ayi. Mu 1960 Blondie Hasler adayambitsa mpikisano wowoloka nyanja ya Atlantic, kuchokera ku Plymouth mpaka ku New York, munthu ali yekhayekha m'bwato loyenda ndi mphepo. Adalowa anthu asanu okha. Vuto lalikulu lidali tulo: ndani agwire chiwongolero mwini bwato akagona? Adalithetsa ndi kachipangizo kowongola bwato motsata mphepo. Chichester, ali ndi zaka 58, adapambana m'bwato lake la Gipsy Moth III atayenda masiku 40.

Mu 1964 adagonja kwa Éric Tabarly wa ku France, koma sadagwe mphwayi. Pa 27 August 1966 adanyamuka ku Plymouth m'bwato la Gipsy Moth IV, nazungulira dziko lonse atangoima kamodzi ku Sydney. Adafika kwawo pa 28 May 1967 atakhala pamadzi masiku 226, ndipo Mfumukazi Elizabeth II idampatsa ulemu wa Sir.

Ulendowu udatsegulira ena njira. Mu 1968 anthu 9 adapikisana kuzungulira dziko osaima paliponse, ndipo Robin Knox-Johnston yekha ndiye adamaliza. Mu 1989 ku France kudayamba mpikisano wa Vendée Globe.

Chichester adalowanso mpikisano wa Atlantic mu 1972, koma matenda adamubweza panjira. Adamwalira ku Plymouth chaka chomwecho.

Tsono ine ndasiya kuwerengetsera zaka. Mafomu a maphunziro amene adakhalitsa m'kabati mwanga ndawalemba sabata yatha. Nanga inu anzanga, bwato lanu lili pati?