Gilbert Lewis, mphunzitsi amene anatisiyira timadontho ta mu Chemistry

Makolo ena mukatsegula makope a Chemistry a ana anu mumaona zilembo zozunguliridwa ndi timadontho. Si masewera ayi. Timadonthoti timaimira maelekitironi, tizigawo ting'onoting'ono ta atomu, ndipo amene anayambitsa kajambulidwe kameneka ndi Gilbert Newton Lewis.

Lewis anabadwa mu Okutobala 1875 ku Weymouth, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ali wamng'ono ankaphunzitsidwa pakhomo ndi makolo ake. Kenako anakaphunzira ku yunivesite ya Nebraska ndi ya Harvard, komwe analandira digiri ya PhD mu 1899.

Mu 1902, akuphunzitsa ku Harvard, anafuna njira yosavuta yofotokozera ophunzira ake mmene maatomu amagwiranirana. Anajambula atomu ngati kabokosi ka ngodya 8, maelekitironi akunja atakhala pangodyazo. Sanathamangire kulengeza maganizowa. Anawasunga kwa zaka 14, mpaka mu 1916 pamene anawasindikiza ali mkulu wa sukulu ya Chemistry ku Berkeley, California. Apa n'kuti maganizowo atakhwima: maatomu awiri amagwirana pogawana maelekitironi awiriawiri, kuti iliyonse ikhale ndi 8 kunja kwake, kupatula hydrogen yomwe imakhutira ndi awiri.

Njirayi imagwiranso ntchito pa ma ion a maatomu angapo, omwe ndi magulu a maatomu okhala ndi chaji ya + kapena ya −. Titenge ammonium, NH₄⁺, imene imapezeka mu feteleza wa CAN. Nitrogen imabweretsa maelekitironi 5, ma hydrogen anayi amabweretsa 4, onse pamodzi 9. Chizindikiro cha + chikutiuza kuti imodzi yachoka, ndiye atsala 8. Lembani N pakati, ma H mbali zonse zinayi, timadontho tiwiri pakati pa N ndi H aliyense. Tsekani zonsezo m'mabulaketi, + akhale kunja cha kumwamba. Ngati chizindikiro ndi −, mumawonjezera m'malo mochotsa: hydroxide, OH⁻, ili ndi 6, kuphatikiza 1, kuphatikizanso 1, zomwe zikupereka 8.

Ulemu waukulu umene akatswiri a sayansi amausirira, Lewis sanaulandire. Dzina lake linaperekedwa ka 41 kuti alandire mphoto ya Nobel, koma sanapatsidwe. Irving Langmuir, amene anatchukitsa maganizo a Lewis kuyambira mu 1919, anailandira mu 1932 chifukwa cha ntchito ina. Harold Urey, wophunzira wa Lewis, anailandira mu 1934. Mwiniwakeyo anapitiriza kafukufuku mpaka tsiku lomaliza. Anamupeza atamwalira m'labotale yake pa 23 Malichi 1946, ali ndi zaka 70.

Lero ndi anthu ochepa amene angatchule onse omwe anapata mphoto m'zaka zimenezo, koma timadontho ta Lewis tikujambulidwabe m'makalasi padziko lonse, kuphatikizapo pasukulu yathu ino. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kulemekeza maphunziro opindulitsa anthu. Choncho inu ophunzira amene mukukonzekera mayeso a MSCE, musanajambule kadontho koyamba, yambani mwawerenga maelekitironi onse ndi kuyang'ana chizindikiro cha chaji. Mukatero, Insha Allah, funso la ma ion silidzakusowetsani mtendere.